Sitima yomira mwadala

Anthu a ku Ramaphosa, pafupi ndi Boksburg, amadziwa dzina la Charlotte Maxeke ngati la chipatala chachikulu cha mumzinda wa Johannesburg. Dzina lomwelo lilinso pa sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi imene imakocheza ku Simon's Town, kufupi ndi Cape Town. Sitimazi zilipo zitatu: Manthatisi, Charlotte Maxeke ndi Queen Modjadji. Zinapangidwa ku Germany potsatira pangano logula zida la m'chaka cha 1999, ndipo zinafika m'dziko la South Africa pakati pa 2006 ndi 2008. Ndalama zake zinachokera m'misonkho, kotero ngakhale wogulitsa zinthu m'mbali mwa msewu ku Boksburg, amene sanaonepo nyanja ya mchere, ali ndi chifukwa chofunsira mmene zimagwirira ntchito.

Chombo chilichonse chimayandama chifukwa n'chopepuka poyerekeza ndi madzi amene chingawakankhire pambali chitamira chonse. Madzi akalowa m'bwato, bwatolo limalemera n'kumira. Sitima ya pansi pa madzi imachita mwadala chimene msodzi aliyense amachiopa. Ili ndi mathanki akuluakulu okhala ndi mabowo kunsi ndi zitseko pamwamba. Ikakhala pamwamba pa nyanja, mathankiwo amakhala odzaza mpweya. Ikafuna kumira, zitseko zimatsekulidwa, mpweya n'kutuluka, madzi n'kulowera kunsi. Pofuna kuyandamanso, oyendetsa amatseka zitsekozo n'kutulutsa mpweya wosungidwa mothinikizidwa m'mabotolo achitsulo, umene umakankhira madzi kunja. Luso lenileni lili pakati: kuisiya sitima itangolenjekeka m'madzi, osakwera komanso osatsika. Apa pamagwira ntchito mathanki ang'onoang'ono a kutsogolo ndi kumbuyo, pamodzi ndi mapiko aafupi a m'mbali amene amaiweramitsa kapena kuidzutsa ikamayenda.

Kutsika kuli ndi malire. Pa mamita 10 alionse, madzi amawonjezera kupsinja kofanana ndi kwa mpweya wonse umene uli pamwamba pa dziko. N'chifukwa chake sitima zamtunduwu zimalekezera pa mamita mazana ochepa chabe. Pamene Nyanja ya Malawi yazama kwambiri, pafupifupi mamita 700, sizingafikepo. Ogwira ntchito mumgodi wa ERPM ku Boksburg, umene unatsika mamita opitirira 3,500, ankapita kutali zedi kuposa pamenepo, koma iwo thanthwe linkachirikizidwa, madzi sachirikizika.

Injini za dizilo zimafuna mpweya, choncho zimalizidwa sitima ili pamwamba, kapena itamira pang'ono n'kutulutsa paipi yokokera mpweya. Ntchito yake ndi kudzaza mabatire. Pansi pa madzi, magetsi a m'mabatirewo ndi amene amazungulitsa pulopela imodzi ya kumbuyo.

Pulopela ndi chinthu chimene aliyense wobadwira ku Nkhata Bay, Salima kapena Mangochi anachionapo kumbuyo kwa boti la injini, ndipo nzeru yake ndi yomweyo imene yakhala ikuyendetsa Ilala kuyambira 1951. Masamba ake ndi opindika. Akamazungulira amakankhira madzi kumbuyo, madziwo n'kukankhira chombo kutsogolo. Komanso mbali ya kutsogolo ya tsamba lililonse, kupsinja kwa madzi kumatsika, ndipo chombo chimakhala ngati chikukokedwa. Vuto limabwera pulopela ikathamanga mopitirira. Kupsinja kumatsika kwambiri mpaka madzi ozizira amayamba kuwira, n'kupanga timathovu ta nthunzi. Timathovuto tikamaphulika timachita phokoso ndiponso timadya chitsulo, n'kusiya timaenje ngati ta nthomba. Kwa msodzi, tsamba lodyeka kapena lopindidwa ndi mwala limatanthauza injini yonjenjemera ndi petulo wochuluka pa ulendo womwe uja. Kwa sitima yankhondo, phokosolo limaulula pamene yabisala. Motero pulopela yake imakhala yaikulu, ya masamba ambiri okhota ngati zikwakwa, ndipo imazungulira pang'onopang'ono.

Chodabwitsa n'chakuti chombo chopangidwira kuya chimavutika chikakhala pamwamba. Msana wake ndi wobulungira, wopapatiza, ndipo uli pafupi kwambiri ndi madzi. Pa 20 September 2023, Manthatisi inali pamwamba pa nyanja kufupi ndi Kommetjie, ikuyeserera kulandira katundu kuchokera mu helikopita, pamene mafunde aakulu anakokolola asilikali asanu ndi awiri amene anali kunja. Atatu anamwalira. Mmodzi mwa iwo anali Lieutenant Commander Gillian Hector, mayi woyamba kugwira ntchito yolondolera njira ya sitima yotere m'dzikolo.