Dzanja Lolimba Limapangidwa Panyumba, Osati ndi Zitsulo Zolemera

Mu Okutobala 2018 anyamata a dziko la Zambia anadabwitsa anthu ambiri pamene anatenga malo acinai pa masewera a hockey ya osewera asanu-asanu, pa mpikisano wa Olympic wa acinyamata umene unacitikira ku Buenos Aires m'dziko la Argentina. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 2008, Eli Mambwe anaimirira dziko lino pa masewera a badminton ku Beijing. Izi zionetsa kuti masewera a ndodo ndi a raketi salinso a anthu a kumayadi okha monga mmene zinalili kale.

Cimene cinathandiza kwambiri ndi bwalo la Olympic Youth Development Centre, lodziwika kuti OYDC, limene linatsegulidwa mu Lusaka mu 2010. Kumeneko ana a m'makomboni apeza bwalo labwino la hockey ndi malo a masewera ena ambiri. Koma bwaloli lili kumpoto kwa mzinda, m'mbali mwa msewu wa Great North. Mwana wa ku Chilenje ayenera kukwera basi yopita m'tauni, kenaka ina yopita kumeneko, ndipo ndi mabanja ocepa amene angalipire ulendo wotere tsiku ndi tsiku. Motero masiku ambiri a pa sabata mwanayo amakhala panyumba.

Apa ndi pamene makolo ayenera kucitapo kanthu. Mphamvu ya m'manja imene wosewera hockey, tenesi, squash kapena badminton afuna ingathe kumangidwa pakhonde la nyumba ndi zinthu zimene banja lili nazo kale. Koma iyenera kumangidwa pang'onopang'ono ndiponso mwa njira yake. Mwana akasiyidwa kuti adziphunzitse yekha mwa kutsanzira anyamata onyamula zitsulo za simenti kuseri kwa nyumba, mapeto ake amakhala cigongono copweteka ndi kusiya masewera.

MPHAMVU YA ZALA ICOKERA KUTI?

Anthu ambiri aganiza kuti mphamvu yogwirira cinthu ili m'cikhatho. Zoona zake ndi zakuti minofu ikuluikulu imene imapinda zala ili mu mkono, pakati pa cigongono ndi mfundo ya dzanja. Munthu akakunga cibakera n'kugwira mkono wake ndi dzanja linalo, amva minofuyo ikulimba. Minofu ya kunsi kwa mkono ndiyo imatseka zala ndi kupinda dzanja. Ya pamwamba ndiyo imatsegula zala ndi kukweza dzanja, ndipo yambiri mwa iyo imakamangirira pa kafupa ka kunja kwa cigongono.

Pamene munthu agwira ndodo kapena raketi, magulu onse awiri agwira nchito pamodzi. A kunsi afinya, a pamwamba aletsa dzanja kuti lisagwe. Vuto ndi lakuti anthu ambiri alimbitsa gulu lofinya lokha, n'kuiwala linalo.

Mu hockey mpira umamenyedwa ndi mbali yafulati yokha ya ndodo. Cifukwa ca ici wosewera ayenera kutembenuza ndodo mobwerezabwereza pamene athamanga ndi mpira. Dzanja lamanzere, limene limagwira kumutu kwa ndodo, ndilo limatembenuza, pamene lamanja limagwira capakati momasuka. Kulibe ndodo ya anthu amanzere. Ndodo ya wamkulu silemera kupitirira magalamu 737, ndipo mpira ulemera pafupifupi magalamu 160. Zionekadi zopepuka, koma mwana amene anazolowera kucita zonse ndi dzanja lamanja amapeza kuti lamanzere latopa masewera asanafike pakati.

Raketi ya tenesi ya wamkulu ilemera pafupifupi magalamu 300, pamene ya badminton nthawi zambiri sifika ngakhale 100. Pano cofunika si kukanikiza mpini nthawi yonse ai. Wosewera wodziwa amagwira momasuka, ndipo amalimbitsa zala pa nthawi yokha imene raketi ikumana ndi mpira. Amene agwira mpini ngati wina afuna kumulanda amatopa msanga, ndipo mpira wake suyenda bwino.

KODI NCHITO ZAPANYUMBA SIZIKWANIRA?

Kholo lina linganene kuti, “Mwana wanga atunga madzi, acapa, akankha wilibala. Afuniranji zina?” Funsoli ndi lomveka. Cigubu ca malita 20 cikadzaza madzi cilemera makilo 20, ndipo mtsikana wa ku Kanyama kapena ku George amene acinyamula m'mawa uliwonse ali ndi mphamvu zimene ana ambiri a kumayadi alibe. Ngakhale ku Chilenje kumene nyumba zambiri zili ndi mipopi, madzi akadulidwa ana ndiwo amatumidwa ndi zigubu.

Koma nchito zimenezi zimalemetsa dzanja limodzi ndi mbali imodzi ya mkono, ndipo sizipatsa mnofu tsiku lopuma. Umboni wake ndi matenda amene acipatala amawacha tennis elbow, kupweteka kwa kunja kwa cigongono. Ngakhale dzina lake lichula tenesi, ambiri odwala matendawa sanagwirepo raketi. Amagwira munthu mmodzi kufikira atatu mwa akuluakulu 100 alionse, makamaka a zaka zapakati pa 35 ndi 55. Akalipentala, omanga nyumba, amai ofinya mabulangete ndi aja ophwanya miyala m'mbali mwa misewu onse ali pangozi. Munthu wotere amalephera ngakhale kunyamula ketulo kapena kuvundula nsima, ndipo ngati cakudya ca banja cidalira dzanja lomwelo, njala imalowa m'nyumba.

Motero nchito yolemera payokha siteteza mkono. Cimene cimateteza ndi kulimbitsa mbali zonse mofanana, ndi kupuma.

ZOCITA PAKHONDE

Zonse zotsatirazi sizifuna ndalama. Munthu ayambe watenthetsa manja mwa kuwapukusa ndi kutsegula-tseka zala kwa mphindi ziwiri kapena zitatu.

Coyamba, akhale pampando, agoneke mkono pathebulo kapena pa nchafu, cikhatho ciyang'ane pansi, dzanja lilendewere kumapeto. Agwire botolo la madzi la theka la lita, limene lilemera theka la kilo. Akweze dzanja lokha, kenaka alitsitse pang'onopang'ono akuwerenga mpaka 4. Kutsitsa mosathamanga ndiko kumalimbitsa mtsempha wa pa cigongono. Acite ka 10 kufikira ka 15, apume, abwerezenso.

Caciwiri, atembenuze mkono kuti cikhatho ciyang'ane kumwamba, acite cimodzimodzi.

Cacitatu, agwire hamala kapena mthiko waukulu kumapeto kwa mpini, cigongono cili copinda ndipo cagunda m'nthiti. Atembenuze dzanja kuti cikhatho ciyang'ane kumwamba, kenaka pansi, mosafulumira. Uku ndiko kutembenuza kumene wosewera hockey amacita, ndipo iye aike mtima kwambiri pa dzanja lamanzere.

Cacinai, amange kalegeni kopyapyala mozungulira nsonga za zala zonse zisanu, kenaka atsegule zala molimbana ndi kalegeniko ka 15. Ici ndico anthu ambiri amaiwala.

Cacisanu, apote thaulo monga wofinya covala, kasanu kupita mbali imodzi ndi kasanu kubwerera mbali inayo.

Cacisanu ndi cimodzi, atenge cidutswa ca mpini wa khasu, amangepo cingwe ca mita imodzi, kumapeto kwake amangirire botolo la lita imodzi. Agwire mpiniwo ndi manja awiri, akulunge cingwe mpaka botolo lifike pamwamba, ndipo alitsitse mwa kumasula pang'onopang'ono, osangolitaya.

Potsiriza, anyamule zigubu ziwiri za malita 5, cimodzi dzanja ili cina dzanja ilo, ayende nazo ataongoka kuzungulira bwalo la nyumba kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi.

Zonsezi zitenga mphindi 15. Zicitike masiku awiri kapena atatu pa sabata, ndipo pakati pake pakhale tsiku lopuma. Pamene munthu atha kucita ka 15 mosavutika, ndiye kuti nthawi yakwana yoonjeza madzi pang'ono kapena kutenga botolo lokulirapo. Kusintha kumayamba kuoneka pakapita masabata 6 kufikira 8, koma mitsempha yomangirira minofu ku mafupa imacedwa kulimba kuposa minofu yeniyeniyo. Ndiye cifukwa cake wothamangira zolemera amavulala: mnofu wavomera, mtsempha ukalibe. Akulu anati kuthamanga sikufika.

Pa masiku enawo, mwana amene ali ndi ndodo aziyendetsa mpira kumanzere ndi kumanja pa simenti ya pakhonde. Wa raketi azimenya mpira pa khoma. Mphamvu popanda luso siipambanitsa timu.

ANA, ATSIKANA NDI OKALAMBA

Mafupa a mwana amene akali kukula ali ndi malo ofewa kumapeto kwake, kuphatikizapo pa mfundo ya dzanja ndi pa cigongono. Madokotala saletsa ana kulimbitsa thupi, koma anena kuti zicitike ndi zinthu zopepuka ndipo wamkulu akhalepo. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, linati ana a zaka 5 kufikira 17 azicita masewera olimbitsa minofu ndi mafupa masiku atatu pa sabata, ndipo akuluakulu masiku awiri kapena kuposerapo. Mpikisano woona amene anganyamule cothera uyenera kuletsedwa pakati pa ana.

Makolo ena aletsa ana aakazi poopa kuti mikono yao idzakhala ngati ya amuna. Manthawa alibe maziko. Botolo la lita imodzi silingasinthe thupi la mtsikana motero. Ndipo n'zodabwitsa kuti mtsikana yemweyo amaloledwa kusenza makilo 20 a madzi, koma akagwira ndodo ya hockey akuti aononga thupi.

Nkhaniyi ikhudzanso ambuya a panyumba. Mu 2015 magazini ya madokotala yochedwa The Lancet inafalitsa zotsatira za kufufuza kumene kunacitika pa anthu pafupifupi 140,000 m'maiko 17, kuphatikizapo Zimbabwe ndi South Africa. Anapeza kuti pa makilo 5 alionse amene mphamvu yofinya ya dzanja inacepa, ngozi ya imfa inakwera ndi 16 peresenti. Izi sizitanthauza kuti kufinya mpira kutalikitsa moyo ai. Dzanja limangoulula mmene thupi lonse lilili. Koma wokalamba wa manja olimba amatha kudzitsegulira botolo la mankhwala, kugwira ndodo yoyendera ndi kudzigwirira pokwera basi. Agogo nawonso angakhale pakhonde ndi kabotolo kao. Amene ali ndi BP asamagwire mpweya pofinya, cifukwa kutero kumakweza kuthamanga kwa magazi. Azipuma monga mwa nthawi zonse.

Pa cakudya, palibe cifukwa cogulira ufa wa m'zitini umene anyamata ena amatamanda. Nyemba, nshawa, kapenta, mazira ndi soya pamodzi ndi nsima ndi ndiwo zamasamba zikwanira kumanga mnofu.

ULULU SI MPHAMVU

Pali cikhulupiriro pakati pa anyamata cakuti ngati sizipweteka ndiye kuti sizigwira nchito. Ici ndi cabodza. Kutopa kwa mnofu kumene kumatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri n'kwabwino. Koma ululu wolasa pa fupa la cigongono kapena pa mfundo ya dzanja ndi cenjezo lakuti munthu acepetse kapena aime.

Kumeza mapilitsi a pa kantemba monga diclofenac kapena ibuprofen kuti mwana apitirize kusewera ndi kulakwa. Mankhwalawa amabisa ululu, ndipo akamwedwa masiku ambiri angathe kuononga m'mimba ndi impso. Ngakhale jekeseni ya steroid pa cigongono imathandiza kwa masabata ocepa cabe, ndipo kufufuza kunaonetsa kuti pakatha caka ambiri obayidwa sakhala bwino kuposa osabayidwa. Ambiri odwala cigongono amacira pasanathe caka mwa kucepetsa nchito imene inayambitsa vutolo ndi kucita zolimbitsa zopepuka monga zachulidwa pamwambapa.

Munthu apite ku kiliniki kapena ku cipatala ca Chilenje ngati ululu wa pa cigongono wapitirira masabata angapo, ngati zala zicita dzanzi, kapena ngati mfundo yatupa. Mwana amene wagwera pa cikhatho ndipo amva ululu m'munsi mwa cala cacikulu ajambulidwe X-ray, cifukwa pamenepo pali kafupa kamene kamathyoka mosaonekera ndipo kamavuta kulumikizika kakacedwa kumangidwa. Ndipo ngati wamkulu wafooka dzanja limodzi mwadzidzidzi, kamwa yapotoka kapena mau sakumveka, imeneyo si nkhani ya masewera. Ingakhale sitiroko, ndipo athamangitsidwe ku cipatala nthawi yomweyo.

Si kholo lililonse lingagule raketi kapena kulipira mabasi awiri. Koma botolo la madzi, thaulo ndi mpini wakale zipezeka m'nyumba iliyonse ya ku Chilenje, Matero, Mtendere ndi Chawama. Cimene mwana afuna kwa atate kapena amai ake ndi mphindi 15 zomuyang'anira, kumuwerengera ndi kumuuza kuti lero zakwana. Mwana wotere akapeza ya basi pa Ciweru, adzafika pabwalo ndi manja okonzeka.