Osema ziboliboli musawanamizire

Anzanga apamudzi pano, ndi inu abale muli ku Lilongwe ndi ku Blantyre, lero ndiyankhula basi, wokwiya akwiye.

Pamaliro sabata yatha panali bambo wina wa m'tauni, wovala taye, akuti osema ziboliboli ndi amene atimalizira mitengo kuno. Pobwerera galimoto yawo inanyamula matumba anayi a makala. Ndinaona ndi maso angawa, sindinachite kumva ayi.

Mlamu wanga ndi wosema. Chipika chimodzi cha mlombwa amakhala nacho miyezi. Pamenepo atulutsapo mpando wa mfumu wojambula njovu ndi mlambe, atulutsapo mvuu, chambo, bawo, ndipo tizidutswa totsala amasema tizipuni ndi tokolowekera makiyi. Ana ake aphunzira sukulu ndi sompho ndi tchizulo. Mtengo womwewo mupatseni wootcha makala, sabata siyitha wasanduka phulusa pambaula yanu. Ndiye wamaliza nkhalango ndani apa?

Sindikuti osema alibe mlandu. Mphingo wavuta kupeza, ena akupaka polishi wakuda pamtengo wamba n'kumanamiza alendo kuti ndi mphingo. Chimenecho ndi chinyengo, ndipo mlamu ndinamuuza pamaso kuti akadzayamba zimenezo asadzandipatsenso moni. Mkungudza wa ku Mulanje nawonso mabokosi aja anathandiza kuugwetsa, pamodzi ndi ocheka matabwa ndi moto wolusa.

Koma chimene chimandiwawa ndi ichi. Mukaima pa Golomoti, mwana wasema galimoto yamatabwa yoti matayala amazungulira, zitseko zimatseguka, inu mumamunenerera mpaka mtengo wa kabichi. Mzungu akalipira bwino mumati wapusitsidwa. Pabalaza panu mwadzaza maluwa apulasitiki ochokera ku China, kenako mukuti zosema ndi za azungu, ena mpaka akuti ndi mafano. Mvuu yamtengo inalodzapo ndani? Pitani ku Mua mukaone. Bambo Boucher anayambitsa KuNgoni mu 1976, ndipo zosema za kumeneko zili m'matchalitchi mpaka kunja kwa dziko lino.

A mfumu, pamsonkhano wa Loweruka nkhaniyi ilowe. Wosema aliyense adzale mlombwa ndi mbawa, ine ndapereka malo kudimba kwanga oti tifese mbande. Inu a m'tauni tumizani ndalama ya machubu, nambala yanga muli nayo, imene mumaimbira mukafuna ufa ija.