Mayankho Ogula Akugwetsa Ana pa Intavyu

Chaka chilichonse, mwezi wa Okutobala ukafika pakati ndipo khomo lofunsira malo ku Oxford ndi Cambridge likatsekedwa, pamabuka msika wina m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Lusaka ndi Harare. Pa WhatsApp ndi Facebook pamayamba kuyenda mauthenga a anthu odzitcha akatswiri okonzekeretsa ana intavyu. Katundu wawo ndi mmodzi: mndandanda wa mafunso amene akuti amafunsidwa nthawi zonse, funso lililonse ndi yankho lake lolembedwa kale. Kholo limagulitsa mbuzi kapena kutenga katapila, mwana n'kutha milungu akuloweza ngati wa m'kalasi ya katekisimu. Malonda amenewa ndi chinyengo, ndipo wosenza mtengo wake weniweni ndi mwanayo.

N'zomveka kuti makolo amakopeka. Ku Malawi, wophunzira amasankhidwira ku yunivesite ya boma potengera mapointi ake a MSCE, ndipo ku Zambia zotsatira za Grade 12 ndizo zimamulankhulira. Mabanja ambiri sadaonepo mwana akuitanidwa kuti akadziyankhire yekha pamaso pa ophunzira. Intavyu amakumana nayo pamakomo akuluakulu okha: ku Oxford ndi Cambridge, ku masukulu a udokotala a ku Britain, ku African Leadership Academy ya ku Johannesburg, ku makomiti osankha ana opita ku masukulu a UWC monga Waterford Kamhlaba ya ku Eswatini, komanso pa thandizo la maphunziro la Rhodes ndi la Chevening. Pamenepo theka la ola limatha kutembenuza moyo wa banja lonse. Munthu wamantha amagula chilichonse chomwe wauzidwa kuti ndi mankhwala, ndipo amalonda aja amadziwa zimenezi.

Chimene sanena ndi momwe zimakhalira m'chipindamo. Ku Oxford, intavyu imachitika mu Disembala ndipo ofunsa ndi aphunzitsi omwewo amene adzaphunzitse mwanayo akadzapambana. Kumeneko wophunzira amakhala ndi mphunzitsi wake ali awiri kapena atatu, n'kumakambirana zomwe walemba mlungu umenewo. Intavyu ndi chiyerekezo cha phunziro lotero. Mwana amapatsidwa ndime yoti awerenge, chithunzi kapena samu yomwe sadaionepo, ndipo ofunsawo amamvetsera momwe akuganizira.

Limodzi mwa mafunso omwe yunivesiteyo idafalitsa ngati chitsanzo ndi ili: chifukwa chiyani mkango uli ndi manyenje? Mwana woganiza amayamba ndi zomwe akudziwa. Manyenje ali ndi mkango waumuna wokha, choncho nkhaniyi ikukhudza kusiyana kwa waumuna ndi waukazi. Mwina amateteza khosi pomenyana. Mwina amaopseza amuna anzake, kapena kukopa akazi. Apo wofunsa amaponya funso lina: ngati ali aphindu chotero, bwanji mikango yaimuna ya ku Tsavo ku Kenya ili ndi manyenje ochepa kapena ilibiretu? Mwanayo amaima kaye, n'kukumbukira kuti ubweya wambiri umasunga kutentha, ndipo m'dziko lotentha chokongoletsa chimasanduka mtolo. Ndi mayendedwe amenewa omwe akupimidwa. Palibe kabuku kogula komwe kangamuyendere mwana ulendowu, pakuti funso lachiwiri limabadwa kuchokera m'yankho lake loyamba.

Woloweza amaoneka bwino mphindi ziwiri zoyambirira. Funso likangokhota, mawu amatha, ndipo amabwerera ku chiganizo chomwe adaloweza ngakhale sichikuyankha zomwe wafunsidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku masukulu ambiri a udokotala zinthu ndi zolimba kuposa apa. Njira yotchedwa MMI, yomwe idayambira ku McMaster University ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, imamuyendetsa wofunsira malo m'magawo angapo a mphindi zochepa, gawo lililonse ndi wofunsa wake ndi vuto lake. Pena afotokoze nkhani yovuta kwa munthu woyerekeza kudwala, pena aweruze mlandu wa chikumbumtima. Wobwera ndi mbalume zoloweza amagwa kangapo m'mawa umodzi.

Tchimo lachiwiri la amalondawa ndi lonyazitsa kwambiri. Amaphunzitsa ana kugulitsa umphawi. Mwana wa mphunzitsi wa ku Chipata amauzidwa kuti anene kuti adakula akugona ndi njala. Mtsikana wa ku Area 25 amapatsidwa nkhani ya mtsinje womwe ankawoloka wopanda nsapato. Pamwamba pa bodzalo amawonjeza kupinda lilime kuti Chingerezi chimveke ngati cha ku London. Ofunsa amva nthano yomweyo kuchokera kwa ana ambiri, ndipo funso limodzi lofuna tsatanetsatane limaivula. Ngakhale bodzalo litadutsa, mwanayo waphunzira kuti mtengo wake uli m'chisoni chomwe angadzutse mwa alendo.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adaima pamaso pa khamu la TEDGlobal ku Arusha mu 2007 ndi Chingerezi chodukaduka, mantha akuonekera pankhope. Sikudali kufunsira malo a sukulu, koma mayesowo adali ofanana: mlendo akufunsa, mnyamata akuyankha. Chomwe chidagwira anthu mtima n'chakuti ankadziwa makina ake amphepo chitsulo ndi chitsulo, chifukwa adawamanga yekha atawerenga buku m'laibulale yaing'ono. Kuchokera apo adapita ku African Leadership Academy, ndipo adamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014. Umphawi wake udali woona, koma chomwe chidamutsegulira makomo ndi ntchito yomwe akadatha kuifotokoza kuchokera mbali iliyonse.

Komabe amalonda sakadapeza msika mundawo ukadapanda kulimidwa kunyumba ndi kusukulu. M'makomo ambiri mwana wabwino ndi amene amayang'ana pansi, kuyankha kuti "inde" ndi kusunga maganizo ake. M'kalasi yodzaza ana, mphunzitsi amalemba manotsi pabolodi, ana n'kukopera, ndipo chaka cha mayeso chimathera pa mapepala a mayeso akale. Mwana wotere amakhoza bwino polemba, koma sadafunsidwepo kuti iye akuganiza chiyani. Pulofesa akamuuza kuti sakugwirizana ndi yankho lake, amapepesa ndi kulitaya, ngakhale lidali lolondola. Wofunsayo ankangofuna kuona ngati mwanayo angaimire mfundo yake kapena kuisintha pa chifukwa chomveka. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Pali oyankha kuti ana a anthu olemera amakonzekeretsedwa ndi masukulu awo, ndiye kuletsa mwana wa mlimi kugula thandizo n'kumumanga manja. Mfundoyi ili ndi choona. Mwana amene sadalankhulepo ndi mlendo m'Chingerezi kwa theka la ola amafunikadi kuyeserera, ndipo ayenera kuuzidwa kuti kuyang'ana wofunsa kumaso si chipongwe m'chipinda chimenecho. Koma chomwe masukulu abwino amapatsa ana awo ndi chizolowezi chotsutsana pa mfundo, chaka ndi chaka. Kabuku ka mayankho ndi chithunzithunzi chabe cha chizolowezi chimenecho, chogulitsidwa kwa omwe sadziwa kusiyana kwake.

Enanso amaopa kuti mwana wophunzitsidwa kuyankha akuluakulu adzataya mwambo. Ameneyo waiwala mwambo womwe akuuteteza. Pabwalo la mfumu, munthu amaomba m'manja, kupereka ulemu, kenaka n'kuyala mlandu wake mfundo ndi mfundo, nduna zikumupanikiza ndi mafunso. Ankhoswe amatsutsana mpaka dzuwa kupendeka popanda wonyoza mnzake. Madzulo agogo akati "Ndagi!", ana amayankha "Gize!" n'kumayesa mayankho mokweza, kuphonya, kusekedwa ndi kuyesanso. Achewa ali nalo kale luso lotsutsa mwaulemu ndi loganiza pagulu. Cholakwa n'chakuti lusoli limasungidwira akuluakulu, pomwe mwana wa zaka 18 ndiye akukalifuna mawa.

Kukonzekera kwenikweni kulibe mtengo wa ndalama. Mwana awerengenso kalata yomwe adalemba pofunsira malo, ndipo buku lililonse lomwe adalitchulamo akhale atalitsegula ndithu. Afotokozere agogo ake m'Chichewa momwe tsamba la chimanga limapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, kapena chifukwa chomwe kwacha imagwera. Akalephera kuwamveketsa, ndiye kuti iye mwini sadamvetse. Apeze mphunzitsi wa sukulu ina, yemwe sadziwana naye, amufunse kwa mphindi makumi awiri ndi kutsatira yankho lililonse ndi "chifukwa chiyani?" Azolowere kunena kuti sakudziwa, kenaka n'kuonetsa pomwe angayambire kufufuza. Kukhala chete pang'ono poganiza si kulephera.

Ngati intavyu ndi ya pa intaneti, banja liwerenge bwino nthawi. Mu Disembala, 10 koloko m'mawa ku Oxford ndi 12 koloko masana ku Lilongwe, Lusaka, Tete ndi Harare. Umenewo ndi mwezi wa dzinja: mvula pa denga la malata imameza mawu, ndipo magetsi amathima osatsanzika. Chipinda chachete, kompyuta yodzaza moto ndi foni yachiwiri yokhala ndi bandulo zipezeke tsiku lisanafike. Ndalama ya mbuzi ija ikadagwira ntchito yabwino pamenepa.

Udindo waukulu uli pa omwe adadutsa kale pamakomowa: madokotala ndi anamwino a ku Manchester ndi Leeds, aphunzitsi a m'mayunivesite a Cape Town ndi Pretoria, onse omwe adabwerako ndi madigiri a Chevening ndi Rhodes. Ola limodzi pa foni ndi mwana wa kwawo ku Mchinji, Katete kapena Angónia lingathetse msika wonse wa mayankho ogula. Ndipo makolo asadikire kalata yoitanira ku intavyu. M'mera mpoyamba. Mwana wa Sitandade 5 akafunsa chifukwa chomwe mwezi umasinthira maonekedwe, asauzidwe kuti akusokosa. Afunsidwe kuti iye akuona bwanji, ndipo akuluakulu adikire mpaka amalize kuyankha.