Kalata kwa Mkulu wa Zaumoyo m'Boma la Blantyre: Musaiwale Ophikira Odwala

Wolemekezeka Bwana,

Ndine mayi wa ku Chileka amene ndinagwira ntchito yophika pachipatala china mpaka kupuma, ndipo masiku ano ndimayenda ndi amayi anzanga a mumpingo kukazonda odwala, kuno kwathu ngakhalenso ku Lirangwe komwe kuli abale anga. Ndalemba kuti ndikupempheni chinthu chimodzi: munthu wophikira wodwala muzimuwerengera limodzi ndi ogwira ntchito zaumoyo. Timatchula madokotala, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, koma wogwira mthiko timamulumpha.

Mukudziwa kuposa ine kuti Blantyre ilibe chipatala chachikulu cha boma monga zilili ku Thyolo, Chiradzulu kapena Mwanza. Wa ku Lirangwe matenda akakula amathamangira ku Mlambe pa Lunzu, apo ayi ulendo wa ku Queens, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chimalandira odwala ochokera m'chigawo chonse cha kummwera. Wa ku Chileka naye amadutsa pa Kameza kulowera komweko. Zipatala zing'onozing'ono zakumudzi, zomwe zili m'manja mwa khonsolo, zambiri sizikhala ndi khitchini. Komabe mumagona anthu: amayi oyembekezera amene akudikira tsiku lawo, ongochira kumene, ndi odwala odikira ambulansi. Onsewa amadya, ndipo amene amawaphikira ndi gadiyani.

Tsiku lina mukamayendera zipatalazi, mudzazungulire kuseri musanakwere galimoto. Mudzapeza mafuwa atatuatatu, gogo atagwada akuuzira moto wa nkhuni zaziwisi, maso ali psuu ndi utsi. Pambali pake kathumba ka mgaiwa komwe anasenza kuchokera kumudzi, tomato awiri, ndi usipa wokulunga m'pepala. Chidebe chomwe wachapira nsalu za mwana wakhanda m'mawa ndi chomwechonso akatungire madzi ophikira. Gogoyu salipidwa, sanaphunzitsidwepo, dzina lake mulibe m'kaundula aliyense, koma mayi amene ali m'wodiyo kuti akhale ndi mkaka woyamwitsa akudalira iyeyu.

Kumene kuli khitchini nako ntchito si yamasewera. Ife tinkafika kusanache kuti phala lipezeke odwala asanamwe mankhwala a m'mawa. Nsima ya wodi zingapo imavundulidwa ndi mthiko wofika pachifuwa, ndipo ikamaphulika imathovukira pamikono. Wophika aliyense wa kuchipatala mudzamudziwa ndi zipsera. Magetsi akathima mumabwerera ku nkhuni, nthawi ya chakudya osasintha. Mukamaliza mukankhe mapoto otentha kupita nawo m'mawodi, mugawe, mubwerere kukakwecha, kenako musankhe nyemba za mawa. Ndiwo zikachepa, wotukwanidwa ndi amene wagwira chipande, pamene iye sanagule nawo chakudyacho ndipo sadziwa n'komwe kuti bajeti inali ndalama zingati.

Chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali kutopa ayi, koma kuphika osadziwa. Wodwala shuga safunika phala lothira shuga. Wa BP ndi wa impso mchere ndi mdani wawo. Wochokera ku opaleshoni amayamba ndi zamadzimadzi. Amene ali pamankhwala a TB kapena ma ARV thupi lake limafuna chakudya chokwanira kuti libwerere. Zonsezi ndinazitola pang'onopang'ono kwa anamwino okoma mtima, osati m'kalasi. Ndiye taganizani za gadiyani wochokera kumudzi: mwachikondi chake amagulira wodwala shuga botolo la Fanta ndi mabanzi, poganiza kuti akumupatsa mphamvu. Dokotala amalemba mankhwala olondola, koma mbale imabwera kudzafafaniza zonse.

Chipatala chimadziwa kale kuti chakudya chimachiza. Mwana wonyentchera akagonekedwa, mkaka wa F-75 ndi F-100 umayezedwa mosamala ndi kumwetsedwa pa nthawi yake, chiponde chimawerengedwa mapaketi, ndipo mayi amaphunzitsidwa kuphika Likuni Phala. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo uthenga wa magulu 6 a zakudya umafalitsidwa m'midzi. Nzeru zimenezi bwanji zimathera kuwodi ya ana, osafika kukhitchini ndi kwa magadiyani?

Palinso nkhani ya ukhondo. Kolera imene inabuka mu Marichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre inali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri, moti mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda zinachedwa kutsegulidwa. Mliriwu usanathe, namondwe Freddy anabwera mu Marichi 2023 n'kugumula zimbudzi ndi kuwononga zitsime. Kolera ndi taifodi zimalowera pakamwa, kudzera m'madzi ndi m'chakudya, ndipo munthu akhoza kukhala ndi tizirombo ta taifodi iye osadwala, n'kumapatsira onse amene akudya zophika zake. Malo amene odwala ambiri amadyera pamodzi ndi oyenera kutetezedwa koyamba.

Ndikudziwa kuti ndalama ndi zochepa. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya ufa, nyemba ndi mafuta ophikira inakwera, ndipo aliyense wogulira anthu ambiri chakudya anamva kuwawa. Ndikudziwanso kuti Queens ili pansi pa Unduna wa Zaumoyo ndipo Mlambe ndi ya mpingo wa Katolika pansi pa CHAM, choncho simungazilamule. Koma mumakhala nawo pamisonkhano, ndipo zambiri zimene ndikupempha sizifuna mamiliyoni.

Choyamba, pachipatala chilichonse chimene mumagona anthu pakhale malo ophikirapo a denga, mpopi kapena chidebe cha madzi othira klorini, sopo, ndi mbaula za chitetezo. Mbaulazi zimaumbidwa ndi dothi konkuno, zimadya nkhuni zochepa ndipo utsi umachepa. Mapiri athu ayera kale ndi makala, mtolo wa nkhuni suchitanso kutola.

Chachiwiri, mlangizi wa zaumoyo kapena namwino azipatula kanthawi m'mawa kucheza ndi magadiyani: kusamba m'manja, kuvundikira chakudya, kutenthetsanso mkute, ndi zoyenera kudya wodwala aliyense. Sikelo ya ana imayamba ndi maphunziro ndi nyimbo, kukhitchini nakonso zingatheke.

Chachitatu, ophika olembedwa ntchito aziyezedwa m'thupi pafupipafupi, apatsidwe ma epuloni, zovala kumutu ndi nsapato zosaterera, ndipo aphunzitsidwe. LUANAR ikutulutsa akatswiri a kadyedwe, TEVETA imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuphatikizapo zophikaphika. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997 ndi lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito la 2000 sanena kuti wopsa ndi phala ndi wosiyana ndi wovulala m'fakitale. Amene amalembedwa ngati aganyu kudzera mwa makontilakita nawonso awerengedwe, ndipo kontilakita asapatsidwe ntchito ngati salipira antchito ake pa nthawi.

Chachinayi, pogula chakudya muziyamba mwayang'ana pafupi. Alimi a ku Chileka, Lunzu, Lirangwe ndi Mdeka amalima nandolo, khobwe, mbatata, tomato ndi masamba. Magulu awo atamagulitsa kuchipatala n'kumalipidwa msanga, wodwala sangadye nyemba ndi kabichi sabata yathunthu, ndipo ndalamayo ingatsale m'midzi momwe odwalawo amachokera.

Chomaliza, m'makomiti oyang'anira zipatala mukhale mpando wa munthu wodziwa za kukhitchini. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wophika amaona zimene dokotala saona: mbale imene yabwerera yosakhudzidwa, wodwala amene alibe womudikirira, mayi amene akugawana nsima yake ndi ana awiri amene wabwera nawo. Ameneyu akapatsidwa polankhulira, namwino adzadziwa msanga kuti pabedi lakutilakuti pali vuto.

Bajeti ya khonsolo ikamakonzedwa chaka chino, ndikupempha kuti nkhaniyi ikhale ndi mzere wakewake, ngakhale utayamba ndi zipatala ziwiri zokha, cha Chileka ndi cha Lirangwe. Ife amene tinapuma pantchitoyi tilipo m'midzimu, manja akadali olimba. Mukatiitana kudzera kwa mafumu kapena m'mipingo, tidzabwera kudzathandiza kuphunzitsa magadiyani popanda kufunsa alawansi.

Ndine wanu,
Mayi wophika wopuma pantchito,
Chileka, Blantyre