Jazi si nyimbo za mabwana, musatinamize

Sabata yathayi ndinakangana ndi mnzanga wa kuntchito, ndipo mpaka lero mtima sunatsike. Ndinkachonga mayeso a Fomu 3 mu stafu, foni ili pambali ikuimba motsitsa. Iye n'kulowa, n'kumvetsera pang'ono, kenaka akuti, "Aphunzitsi, mwayamba liti kumvera nyimbo za mabwana? Nyimbo yopanda mawu chonchi kuno kwa Mtengowanthenga ndi ya chiyani?" Onse anaseka. Ine ndinangoti chete poti belu linali litalira. Yankho langa nali.

Chimene ndinkamvera ndi chimbale chotchedwa Saturday Night in San Francisco. Oimba ake ndi atatu, aliyense wa dziko lake: John McLaughlin wa ku England, Al Di Meola wa ku America ndi Paco de Lucía wa ku Spain. Mulibe ng'oma, mulibe kiyibodi, mulibe woimba pakamwa. Magitala atatu basi, a thabwa, aja timati bokosi. Lachisanu pa 5 Disembala 1980 anaimba mu holo ya Warfield ku San Francisco, ndipo chimbale cha usiku umenewo chinatuluka mu 1981. Mawa lake Loweruka anaimbanso malo omwewo, anajambulanso, koma matepi ake anangokhala. Anakhala zaka zoposa 40, mpaka mu 2022 pamene anawapukuta n'kutulutsa chimbale chatsopano. Paco de Lucía sanachione, anamwalira mu 2014.

Amene munaonapo amayi atatu akusinja mu mtondo umodzi mukhoza kumvetsa zimene anthuwa amachita. Munsi wina ukukwera, wina ukutsika, ndipo mmodzi akangochedwa pang'ono minsi iwombana. Apanso wina agwira mayendedwe a nyimbo, mnzake athamanga pamwamba akupeka pomwepo, wachitatu adikira mpata wake, kenaka asinthana osauzana. Ntchito yonse ndi ya khutu. Ndiye wina azindiuza kuti khutu ndi la mabwana?

Paco de Lucía ameneyu sanali mwana wa bwana. Anabadwa mu 1947 ku Algeciras m'banja losauka, gitala anaphunzira kwa bambo ake ndi mkulu wake, osati pa pepala. Chaka chomwecho cha 1947 anabadwa Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka. Taganizani zimenezo. Mmodzi dziko lake linamunyamula pamutu. Winayo, ndafunsa ana a m'kalasi mwanga ngati akumudziwa, onse anangoyang'anana.

Daniel ndi mng'ono wake Donald ankaimba kwela m'misewu ya Blantyre pamene Gerhard Kubik wa ku Austria anawapeza mu 1967 n'kuwajambula. M'zaka za m'ma 1970 anakaimba ku Ulaya. Daniel ankati akagwira gitala, chala chachikulu chikuyendetsa besi, zinazo zikuimba nyimbo pamwamba, munthu womvera pa wailesi n'kumayesa kuti ndi anthu awiri. Anamwalira mu 1987. Donald anakaphunzitsa ana a pa yunivesite ya UCLA ku America mu 1999, asanatisiye mu 2001. Munthu wa kwa Singano kuphunzitsa ku California! Nanga dzina loti jazi analibweretsa ndani kumudzi? Allan Namoko, wosaona, ndi banjo yake, gulu lake ankalitcha Chimvu River Jazz Band. Sanapemphe chilolezo kwa bwana aliyense.

Ndikudziwa, wina ati jazi wa Namoko si jazi wa ku America. Zoona, ndi zosiyana, sindikana. Koma jazi wa ku America yemweyo anayamba ndi anthu akuda a ku New Orleans, zidzukulu za akapolo, anthu amene m'mahotela a mabwana ankalowera khomo la kuseri. Ngati mukufuna jazi weniweni wa masiku ano, tili naye Erik Paliani, amene anakonza chimbale cha Hugh Masekela chotchedwa Phola mu 2009, n'kutulutsa chake cha Chitukutuku mu 2010. Masekela sanali munthu wopatsa ntchito aliyense ayi.

Tsono chimene chikundiwawa kwenikweni si mawu a mnzanga uja. Ndi ine mwini. Teremu yatha ndinalanda gitala kwa mnyamata wina wa Fomu 2. Anaipanga yekha: chigubu cha mafuta, thabwa, nsambo zinayi za mawaya a mabuleki a njinga. Ankaimba kuseri kwa kalasi nthawi ya buleki, anzake atamuzungulira. Ndinamuuza zimene tonsefe timanena, zoti gitala ndi ya zidakwa ndipo sidzamulembera mayeso a MANEB. Ndinaiponya pamwamba pa kabati, ndipo ili pomwepo, ikudya fumbi. Mwana ameneyu anachuna nsambo zinayi ndi khutu lake, wopanda womuphunzitsa. Ife timamuphunzitsa za mafunde a mawu mu Physics pa bolodi, iye n'kulephera, pomwe mafundewo anali atawagwira kale ndi zala. Wolephera ndani pamenepa?

Ndipo taonani chimene talowetsa m'malo mwa gitala. Pa ukwati, pa kwaya, ngakhale mu situdiyo, munthu mmodzi adina batani pa kiyibodi, makina n'kumaimba okha ng'oma ndi besi, iye akungogwedeza mutu. Nyimbo khumi mayendedwe amodzimodzi. Ana akukula akuyesa kuti kuimba ndi kudina. Sindidana ndi kompyuta, inenso ndikulembera pomwepo, koma kompyuta simvera mnzake, siyankha, sidikira mpata. Zala za ana athu zikugona.

"Gitala sidyetsa," amatero makolo. Kodi satifiketi ya MSCE ikudyetsa angati? Pitani pa Mponela kapena pa Lumbadzi mukawerenge anyamata a kabaza amene ali nayo m'chikwama. Sindikuti ana asiye sukulu, ndingakhale wamisala, mchere wanga umachokera m'choko. Ndikuti tisamaphe chimene mwana ali nacho kale m'manja pofuna chimene sitingamulonjeze. Madalitso Band, anyamata awiri, gitala ya nsambo zinayi ndi babatoni, ankaimba m'misewu ya Lilongwe anthu akuwaponyera timakobiri. Atakaimba ku Zanzibar mu 2017, kenaka ku Ulaya, kampani ya ku Geneva n'kuyamba kutulutsa zimbale zawo, m'pamene tinayamba kunena kuti "athu awa." Matenda athu ndi amenewo: timadikira mlendo awombe m'manja kuti nafenso tiwombe. Konkuno ku Dowa, chikondwerero cha Tumaini chinayamba ku Dzaleka mu 2014, ndipo kumeneko ndinaona anyamata a ku Congo akukanda gitala mpaka tsitsi kuima. Ochokera ku Lilongwe anadzaza magalimoto. Ife a pafupi ambiri tinali kunyumba.

Za kusunga ndiye musanene. Anzathu anasunga matepi a usiku umodzi zaka 40. Zimene Kubik anajambula kwa a Kachamba zikusungidwa bwino ku Vienna. Ine ndinayenda kwa anyamata oika nyimbo m'mamemori kadi kufuna Daniel Kachamba. Wina anandipatsa nyimbo ziwiri, wina anandifunsa ngati ndi wa gospel.

Lolemba gitala ija ndiitsitsa pa kabati, ndiipukute, ndimubwezere mwini wake pamaso pa anzake, monga momwe ndinamulandira pamaso pa anzake. Ndapempha ahedi kuti Lachisanu lililonse tikaweruka atipatse kalasi imodzi kwa ola limodzi. Tiyamba ndi kumvera: nyimbo imodzi ya San Francisco, imodzi ya Kachamba, kenaka mnyamata uja aimbe yake. Amene muli ndi gitala yakale ikungokhala kuseri kwa chitseko, ngakhale yoduka nsambo, tibwerekeni. Mnzanga uja ndamuuza kale kuti abwere, mpando ndimusungira kutsogolo.