Kutaya katswiri si misala nthawi zonse

Mu Malichi 2022, timu ya Kansas City Chiefs ya mpira wa ku America, uja amaponyerana atavala zipewa zolimba, idalola Tyreek Hill kupita ku Miami Dolphins. Hill ndi katakwe pothamanga ndi kuwakha mpira, choncho ochemerera ambiri adati mabwana a timuyi mitu yawazungulira.

Ine ndikuti adaganiza mofatsa. Mu ligi ya NFL muli malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Miami idalonjeza Hill $120 miliyoni pa zaka zinayi. Chiefs ikadapereka zoterozo, anyamata enawo akadadya chiyani? M'malo mwake idapatsidwa mipata isanu yosankhira osewera achisodzera.

Nanga zidatha bwanji? Chiefs idatenga chikho cha Super Bowl mu 2023 ndi 2024. Hill adawaladi ku Miami, koma mu Januwale 2024 timu yakeyo idatulutsidwa mumpikisano ndi Chiefs yomweyo, 26-7.

Komatu abale, osangotengera. Chiefs idakakamira Patrick Mahomes, mwini kuponya mpirawo. Mlimi wanzeru amasadza nthambi, tsinde salikhudza.