Kachasu, Chamba ndi Uphungu pa Dooko la Ngala (Gawo Lachiwiri)

M'gawo lapita lija tidaona momwe mowa ndi chamba zimafooketsera ubongo. Lero, awerengi, titsikire kunyanja, pa Ngala, kumpoto kwa Dwangwa m'boma la Nkhotakota, kuti tione chimene chingathandize munthu amene wakodwa kale mumsamphawu.

Msodzi amachezera usiku wonse akukoka chilimira. Kukacha usipa wagulidwa, ndalama zili m'manja, ndipo wogulitsa kachasu ali pafupi kuposa banki. Mwera ukaomba ntchito imaima, tsono amene ankamwera ndalama amayamba kumwera kusowa chochita. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, koma ludzu lidatsala. Lamulo la 2020 lidalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chiphaso. Kusuta silidalole, ngakhale anyamata ena amalimasulira motero.

Munthu akazungulira mutu, abale amathamangira naye kwa sing'anga kapena ku mapemphero, ndipo zikakanika ndi pamene amakumbuka chipatala. Odwala kwambiri amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, ndipo ku Mzuzu kuli a St John of God amene amathandizanso ofuna kuleka mowa ndi chamba. Thandizo limeneli nlofunika ndithu, pakuti chidakwa chikasiya mowa mwadzidzidzi chimatha kunjenjemera, kuona zideruderu, ngakhale kukomoka kumene. Koma wodwala akachira amabwerera pa dooko lomwe lija, kwa anzake omwe aja. Apa mpamene pagona nkhani.

Ife Amalaŵi kulangiza timakudziwa: ankhoswe, anamkungwi ndi akulu a mpingo amaigwira ntchitoyi. Komatu malango athu ambiri ndi a mkulu kulankhula, wamng'ono atazyolika. Uphungu umene madokotala a maganizo amaphunzitsa umatembenuza zimenezi. Njira imene William Miller adailongosola m'chaka cha 1983 imati phungu asakalipe, koma afunse ndi kumvetsera mpaka womwayo atchule yekha zimene mowa wamlanda. Chifukwa chochoka m'kamwa mwa mwini wake chimakhalitsa kuposa chomuuza wina. Njira ina imamthandiza kuzindikira nthawi, malo ndi maganizo omwe amamkokera ku botolo, nakonzeratu chochita. Kwa msodzi wa pa Ngala zimenezi zingatanthauze kuti ndalama za usipa azikasiya kunyumba kapena ku banki ya m'mudzi asanakhale pansi ndi anzake.

Ena adzati aphungu ophunzira tiwatenga kuti? Ku Harare, m'chaka cha 2006, Dr Dixon Chibanda adayamba kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kucheza ndi ovutika maganizo, kuthetsa nawo vuto limodzilimodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adaonetsa kuti odwalawo ankapeza bwino. Ndinene poyera kuti benchilo lidapangidwira nkhawa ndi kukhumudwa, osati uchidakwa weniweni. Komabe ambiri amayamba kumwa pothawa nkhawa zomwezo.

Aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu amene ali khale m'midzi ya m'mbali mwa nyanja angathe kuphunzira luso lotere. Chovuta ndi chinsinsi. Pa dooko nkhani imayenda msanga kuposa bwato la injini, ndipo msodzi akangomva kuti zimene adaulula dzulo zikukambidwa pa thandala loyanikira usipa, sadzabweranso. Za udindo wa mkazi ndi ana a womwayo tidzakamba m'gawo lotsatira.